Njanji Yonyamula Pamapewa: Mbiri ya Paul Decauville ndi Tisitima Take

Inu amene mumakhala ku Chongwe, kapena amene munayendako m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, simufunika kuuzidwa za matope. Msewu waukulu wa kum'mawa, umene umachoka mu Lusaka kupyola pa boma la Chongwe kulinga ku Luangwa ndi ku Chipata, ndi wa tala, ndipo mvula siuopsa kwenikweni. Koma tapatukani pang'ono, mulowe m'timisewu ta ku minda cha ku Kanakantapa kapena kuseri kwa Chalimbana, m'mawa wa tsiku limene yagwa usiku wonse. Mudzapeza ngolo ya ng'ombe itatitimira mpaka pakati pa magudumu, mwini wake atavula malaya, akutsitsa matumba a feteleza limodzilimodzi kuti ng'ombe zizule ngolo yopanda kanthu. Mvula imene Asoli amapempha pa mwambo wa Chakwela Makumbi ndi yomweyo imene imatseka njira ya ku munda. Chimanga chathu timakolola nthawi ya chilimwe, pansi pali gwa, koma feteleza, tomato, ndiwo zamasamba ndi mkaka sizidikira kuti dzinja lithe.

Nkhani yathu ya lero ndi ya mlimi wina wa ku France amene anakumana ndi vuto lomweli m'chaka cha 1875, ndipo pofuna kupulumutsa zokolola zake anayambitsa ntchito imene inafikitsa dzina lake pafupifupi m'maiko onse a dziko lapansi. Dzina lake anali Paul Decauville.

Iye anabadwa m'chaka cha 1846. Atate ake, a Armand Decauville, anali ndi munda waukulu pa malo otchedwa Petit-Bourg, m'mbali mwa mtsinje wa Seine, kum'mwera kwa mzinda wa Paris. Mbewu yaikulu pa mundawo inali beet. Ife shuga timamudziwa kuti amachokera ku nzimbe, monga za ku Nakambala, koma m'maiko ozizira nzimbe sizikula, motero amalima beet, chomera cha muzu woyera wonenepa ngati mbatata yaikulu, umene madzi ake ndi otsekemera. Banjali linalinso ndi nyumba yosulira zitsulo pomwepo pa munda, mmene ankapangira ndi kukonza zipangizo zawo. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti mlimi wopanda msuzi pafupi akadangoima m'matopemo n'kumadandaula. Atate atamwalira m'chaka cha 1871, udindo wonse unagwera Paul ali ndi zaka 25.

Tsono m'chaka cha 1875 beet anabereka kwambiri, matani 9,000. Kuti mumvetse kuchuluka kwake, tawerengani motere: tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndiye kuti matani 9,000 ndi matumba 180,000. Ngolo ya ng'ombe itamanyamula matumba khumi pa ulendo umodzi, ingafunike maulendo 18,000. Beet amakumbidwa kumapeto a chaka, chisanu chisanafike, ndipo chaka chimenecho mvula inagwa mosalekeza. Minda inasanduka phala. Ngolo zokokedwa ndi akavalo zinkangotitimira, ndipo mulu wa beet wosiyidwa m'munda ukanaonongeka ndi chisanu.

Tiyeni tiime kaye pano tifunsane: kodi n'chifukwa chiyani gudumu limatitimira? Kulemera konse kwa ngolo ndi katundu wake kumatsamira pa kamalo kakang'ono pamene gudumu lakhudza nthaka, kamalo kosaposa chikhatho cha munthu. Nthaka yonyowa singapirire, imapatuka, gudumu n'kulowa. Likalowa, ng'ombe sizikokanso pa malo osalala. Mphindi iliyonse zikuyesa kukweza ngoloyo m'dzenje limene gudumu lomwelo likukumba. Aphunzitsi angathe kuonetsa ana zimenezi pa bwalo la sukulu. Dzazani wilibala ndi mchenga, muuze mwana aikankhe pa malo onyowa. Kenaka yalani thabwa lalitali pa malo omwewo, mwana yemweyo akankhenso pamwamba pa thabwalo. Thabwa limagawa kulemera kuja pa nthaka yaikulu, ndipo limapatsa gudumu msana wolimba woyendapo. Njanji ndi thabwa lomwelo, koma lachitsulo. Mitanda yogona pansi pake ndiyo imagawa kulemera, ndipo gudumu lachitsulo pa chitsulo chinzake limagubuduka mopepuka kotero kuti kavalo mmodzi amakoka katundu amene pa msewu wa dothi akanafuna akavalo angapo.

Nzeru imeneyi sinali yatsopano. Sitima za malasha zinali zitayenda ku England kuyambira m'chaka cha 1825, ndipo France yense anali atadzala kale njanji. Koma njanji ya masiku amenewo inali chinthu cha maboma ndi makampani olemera: kusalaza mapiri, kuthira miyala, kuyala mitanda ya mitengo, kukhomerapo zitsulo zolemera zimene anthu khumi sanganyamule. Ikayalidwa yayalidwa. Palibe amene akanaiyala m'munda wa beet chifukwa cha ntchito ya milungu yowerengeka.

Chimene Decauville anachita ndi kuchepetsa zonse. Anatenga tizitsulo topepuka tiwiri, natilumikiza ndi mitanda yachitsulo yokhomereratu, kotero kuti chidutswa chilichonse chinkaoneka ngati makwerero ogonekedwa pansi. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo unali masentimita 40 okha, kufupika kuposa mkono wanu. Munthu ankaima pakati pa chidutswa, n'kuchinyamula ndi manja, n'kukachilumikiza kumapeto kwa chinzake. Panalibe kukumba, panalibe kuthira miyala. Pamwamba pake anaikapo tingolo ting'onoting'ono tokankha ndi manja kapena tokokedwa ndi kavalo woyenda m'mbali. Taonani kusiyana kwake ndi maganizo a eni ngolo: iwo ankaunjika katundu yense pa magudumu ochepa, pamene iye anamugawa pa magudumu ambirimbiri, lililonse litasenza pang'ono. Mbali imodzi ya munda ikatha, antchito ankazula njanjiyo n'kukaiyala mbali ina. Beet uja anatuluka m'munda.

Alimi anzake ataona, anafuna kugula. Pambuyo pawo panabwera eni migodi, oswa miyala, oumba njerwa, odula mitengo ndi omanga madoko. Posakhalitsa nyumba yosulira ya pa munda inachepa, ndipo kampani inamanga fakitale yaikulu ku Corbeil, pafupi pomwepo. Anawonjezera mipata ina iwiri, wa masentimita 50 ndi wa masentimita 60, ndipo wa 60 ndiwo unadzatchuka koposa. Ankagulitsa zonse pamodzi monga mmene wasitolo amagulitsira njinga ndi pampu yake: zidutswa zowongoka, zidutswa zokhota, mphambano, timbale tozungulira totembenuzira ngolo, ndi tingolo topendekera kumbali potaya dothi. Munthu wa ku Java kapena ku Peru ankangosankha m'buku la katundu, n'kulemba kalata, njanji yake n'kubwera pa sitima ya pamadzi. Katundu atakula kuposa mphamvu ya kavalo, panafunika mitu ya sitima ing'onoing'ono yoyendera nthunzi. Yoyambirira Decauville ankaipangitsa kwa ena, monga kampani ya Couillet ya ku Belgium, n'kuikapo dzina lake. Pambuyo pake ndi pamene anayamba kupanga yekha.

Anthu ambiri ankaganizabe kuti kanjanji kotere n'ka dothi ndi mbatata basi, sikanganyamule anthu. Yankho linaperekedwa m'chaka cha 1889, pa chionetsero chachikulu cha mu Paris, chomwe chija anamangira nsanja ya Eiffel. Decauville anayala njanji ya masentimita 60, yotalika pafupifupi makilomita atatu, yoyendetsa alendo m'kati mwa chionetserocho. M'miyezi isanu ndi umodzi tisitima take tinanyamula anthu oposa 6 miliyoni. Chaka chotsatira, 1890, mlimi uja analowa m'nyumba ya malamulo yotchedwa Sénat, mmene anakhalamo mpaka 1900. Anamwalira m'chaka cha 1922.

Koma panali ogula ena amene anaona kanjanjika ndi maso ena. Msilikali wina wa gulu la mizinga, Prosper Péchot, anazindikira kuti chimene chimatulutsa beet m'matope chingathenso kulowetsa mizinga ndi zipolopolo m'matope. M'chaka cha 1888 asilikali a France anavomereza njanji ya masentimita 60 kukhala yawo. Anapanganso mutu wa sitima wodabwitsa, wotchedwa Péchot-Bourdon, wokhala ndi michumuni iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, woyendetsa ali pakati, kuti usamafunike kutembenuzidwa. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, pamene magulu a nkhondo anakumbirana maenje ku France ndi ku Belgium nthaka n'kusanduka chithaphwi, tinjanji totere ndito tinkafikitsa chakudya, madzi ndi zida kufupi ndi maenjewo, pobwerera n'kutenga ovulala. Mzinga ukaphwanya chidutswa chimodzi, usiku womwewo asilikali ankachizula n'kuikapo china. Mbali zonse ziwiri zinali ndi tinjanji tawo. Mitu ya sitima inafunika yochuluka kotero kuti kampani ya Baldwin ya ku Philadelphia, ku America, inapangira France ya mtundu wa Péchot-Bourdon yokwana 280.

Pano sindingathe kudutsa osanenapo kanthu za ife. M'zaka zomwezo nkhondo inalinso kumalire athu a kumpoto, kumene Angelezi ankalimbana ndi asilikali a Germany otsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck, amene anadzatula zida ku Abercorn, Mbala wa lero, pa 25 Novembala 1918. Njanji yathu panthawiyo inali imodzi yokha, yochoka ku Livingstone kudzera pa Lusaka ndi Broken Hill kulinga ku Congo. Kuchokera pa njanjiyo kukafika ku malo a nkhondo, katundu wambiri anayenda pa mitu ya anthu. Amuna zikwizikwi a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anatengedwa m'midzi kukagwira ntchito ya mtengatenga, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Njanji yonyamula pamapewa inali itadziwika zaka makumi anayi. Mtunda unali wautali, n'zoona, koma ine ndimakhulupirira kuti chifukwa china n'chakuti olamulira a nthawiyo anaona kuti mutu wa munthu wakuda ndi wotsika mtengo kuposa chitsulo.

Sikuti kanjanjika sikanafike mu Africa. Asilikali a France anakayala ku Tunisia, pakati pa Sousse ndi Kairouan, m'zaka za m'ma 1880, ndipo kuyambira 1912 anayala ku Morocco njanji ya masentimita 60 yoposa makilomita 1,000. Dzina la Decauville linafala mpaka linasiya kukhala la munthu. M'Chifalansa ndi m'Chipwitikizi anthu anayamba kutchula kanjanji kalikonse kopepuka kuti decauville, ngakhale katapangidwa ndi wina, monga ife timatchulira mankhwala alionse otsukira mano kuti Colgate. Kumunsi kwa Zambezi, m'minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates ku Luabo ndi ku Marromeu, nzimbe zinkapita ku chigayo pa tinjanji ting'onoting'ono. M'maiko olamulidwa ndi Angelezi zambiri zinkachokera ku kampani ya Robert Hudson ya ku Leeds, ndipo Ajeremani anali ndi Orenstein & Koppel, koma nzeru yake inali yomweija ya m'munda wa beet. Ngati kwanu kuli agogo amene anagwirako ntchito ku migodi ya ku Kabwe, ku Wankie kapena ku Joni, afunseni za ngolovane, kangolo kachitsulo kotulutsira miyala. Adzakuuzani kulemera kwake, ndiponso zimene kamachita ku zala za munthu wosasamala.

Tsono musaganize kuti njanji yaing'ono ndi mankhwala a matenda onse. Ubwino wake ndiwo kuipa kwake. Popeza ndi yopapatiza, imakhota msanga, imazungulira chulu kapena phiri m'malo moliboola, ndipo ndi yotsika mtengo. Koma popeza ndi yopapatiza, mabogi ake ndi aang'ono, ndipo ikathamanga imagubuduzika. Vuto lalikulu koposa limabuka pamene yakumana ndi njanji ya mpata wina. Chitsanzo chili pafupi nafe. Njanji yoyamba yochoka ku Beira kulinga ku Rhodesia, imene kampani ya George Pauling inayamba kumanga m'chaka cha 1892, inali ya mapazi awiri, ndiwo masentimita 61. Sinali ya Decauville, koma inali ya banja lomwelo. Inafika ku Umtali, Mutare wa lero, m'chaka cha 1898, antchito ambiri atafa ndi malungo m'madambo a Pungwe. Koma njanji yopitirira kuchoka ku Umtali kupita ku Salisbury, imene inatha mu 1899, inamangidwa pa mpata wa mapazi atatu ndi theka, mamilimita 1,067, womwe ndi mpata wa njanji zathu za Zambia, za Malawi ndi ya TAZARA mpaka lero. Motero thumba lililonse, bokosi lililonse, linkatsitsidwa pa Umtali n'kukwezedwanso m'sitima ina. Katundu anaunjikana, ndipo pofika 1900 njanji yonse ya ku Beira inali itakuzidwa. Ndalama zimene anapulumutsa poyamba anazilipira kawiri.

Kampani ya Decauville inayesanso zina. Kuyambira 1898 inapanga galimoto kwa zaka pang'ono. Imodzi mwa izo inagulidwa ndi mmisiri wa ku Manchester, Henry Royce, amene sanakhutire nayo, naganiza zopanga yake yabwinopo. M'chaka cha 1904 anakumana ndi Charles Rolls, ndipo zotsatira zake mukuzidziwa.

Galimoto yomweyo ndiyo inadzakhala mdani wa tinjanji. Nkhondo ya 1914 itatha, malole ndi mabasi anachuluka m'midzi ya ku France. Taganizani za kasitima ka malasha kotumikira midzi isanu kapena isanu ndi umodzi. Wosonkha moto ayenera kudzuka usiku, pakuti madzi amatenga maola kuti awire. Pafunika woyendetsa, wosonkha moto ndi woyang'anira matikiti, pafunika malasha ndi zitsime m'njira, zonsezi chifukwa cha anthu mwina khumi ndi awiri ndi madengu awo. Basi imangoliza injini n'kunyamuka, ndipo imaima pakhomo. Eni njanji anayankha mwa kuika basiyo pa njanji. Anapanga bogi limodzi lokhala ndi injini yakeyake, poyamba ya petulo kenaka ya dizilo, lopepuka, lofuna anthu awiri okha, limene Afalansa amalitcha autorail. Makampani angapo analowa m'ntchito imeneyi. Renault ndi De Dion-Bouton anachokera ku galimoto. Michelin, wopanga matayala, anatulutsa mu 1931 basi ya pa njanji yoyenda pa matayala a mphira, ndipo zina mwa izo zinatumizidwa ku Madagascar. Mu mzinda wa Tours munali kampani ya Billard, imene inayamba mu 1920 ndi tingolo ta injini ta oyendera njanji, kenaka n'kutchuka ndi mabasi a pa njanji zopapatiza za ku mapiri, monga za pa chilumba cha Corsica, ndi timitu ta sitima ta dizilo ta mpata uja wa masentimita 60. Nayo Decauville inapanga mabasi akuluakulu a njanji za boma. A mtundu wotchedwa X 2400, okwana 79, anatuluka m'fakitale yake m'zaka za m'ma 1950.

Mabasi a pa njanji anatalikitsa moyo wa tinjanji tambiri ndi zaka makumi awiri kapena atatu, koma sanathe kutipulumutsa tonse. Misewu ya tala inafika m'midzi, mathirakitala a matayala aakulu analowa m'minda, ndipo m'migodi ndi m'makwale malamba oyenda okha ndi malole otaya anatenga malo a ngolovane. Kanjanji ka pakati pa Pithiviers ndi Toury, kamene Decauville anamanga mu 1892 m'dera la beet, kanatsekedwa kumapeto a 1964, ndipo kachigawo kake kanasungidwa kuti alendo aziona mmene zinthu zinalili. Kampani ya Billard inatha m'zaka zomwezo za m'ma 1960. Dzina la Decauville linatsiriza litaphatikana ndi la kampani ya Marrel, yopanga mabokosi a malole otaya mchenga, kutanthauza kuti linakagwira ntchito kwa mdani amene analigonjetsa.

Mwina wina wa inu akufunsa kale kuti: nanga bwanji osayala kanjanji kotere kwathu kuno? Pa boma la Chongwe palibe njanji. Njanji inafika pa Lusaka mu 1905 n'kulunjika kumpoto, kumene kunali miyala ya mtengo wapatali, ndipo kum'mawa sinapatukire. Chipata anailandira mu 2010, komanso kuchokera mbali ina, ku Mchinji m'Malawi. Pakati ponsepo, kuyambira pa Lusaka kudzera Chongwe, Rufunsa, Nyimba, Petauke ndi Katete, katundu amayenda pa matayala.

Kuyankha kwanga n'kwakuti tiyang'anitsitse malo amene kanjanji ka Decauville kanapindula. Konseko kunali katundu wolemera, wa mtundu umodzi, wochoka malo amodzi kupita malo amodzi, tsiku ndi tsiku: beet kupita ku fakitale, nzimbe kupita ku chigayo, miyala kuchoka m'dzenje, zipolopolo kupita ku mizinga. Ndipo munda, njanji ndi katundu zinali za mwini mmodzi. Alimi a ku Chongwe ali motalikirana, wina matumba makumi atatu uku, wina makumi asanu uko, aliyense ndi tsiku lake ndi msika wake. Njanji yowafikira onse ikanadutsa m'minda ya anthu ambiri, ndipo pakanafunika wina woisamala ndi kuilondera miyezi yonse imene ili chigonere. Pa katundu wotere lole ndi ngolo zidzapambana nthawi zonse, malinga msewu ukhale ndi ngalande m'mbali, msana wokwera pakati kuti madzi asaime, ndi miyala pa malo a dambo. Koma pa uvuni wa njerwa, pa kwale ya miyala, kapena m'dimba lalikulu la kopaletivu mmene zonse zimatulukira pa chipata chimodzi, mamita mazana awiri kapena atatu a zitsulo zopepuka ndi kangolo kamodzi zikhoza kugwira ntchito ya mawilibala ambiri, ndipo amisiri owotcherera zitsulo a pa msika wa Chongwe, amene amapanga kale mageti ndi mafelemu a mazenera, sangalephere kuzipanga atauzidwa muyeso wake.